Oyimba a kwathu, Cinyanja cakulakwirani ciyani?

Lero ndabwera ndi nkhani imene yandikhala pakhosi kuyambira pa 1 Juni. Ndikudziwa kuti ena ikuwawani. Iwawe, koma muyambe mwaimva.

Pa Tsiku la Ana kusukulu kwathu tidauza ana kuti asankhe okha nyimbo zovina. Mnyamata wina wa pamsika adatibwereka sipika, ana n'kubwera ndi mafoni a azikulu awo. Kudavinidwa mpaka fumbi koboo! Ine ndidakhala pambali ndi kope langa, kulemba nyimbo iliyonse imene yalira. Nyimbo za Cinyanja zidalipo zambiri, ndipo ndi zimene ana ankayimba mawu onse osaphonya. Koma zonsezo zidali za ku Malawi ndi ku Zambia. Za kuno ku Moçambique zidali za Cipwitikizi, ndi ziwiri za Xichangana. Ya mwana wa kuno, yoyimbidwa m'cilankhulo ca kuno, padalibe ngakhale imodzi.

Titabwerera m'kalasi ndidafunsa ana anga a kalasi yacinayi kuti: "Ndani angandichulire woyimba wa kuno kwathu amene amayimba m'Cinyanja?" Kalasi yonse zii. Kenako mtsikana wina amene saopa kulankhula adakweza dzanja. Adati: "Aphunzitsi, nyimbo za Cinyanja zimapangidwa ku Malawi. Ife kuno timangolankhula."

Mwanayo sadaname. Adanena zimene makutu ake amva. Ine ndimatha tsiku lonse kumuuza kuti cilankhulo cake n'cokwanira kuwerengera, kulembera ndi kucitira masamu. Akangotuluka pa geti, sipika ya pamsika imamuuza zina. Ndipo pakati pa mphunzitsi ndi sipika, tonse tikudziwa amene mwana amamumvera msanga.

Musandiuze kuti kuno kulibe oyimba. Alipo, ndipo njira imene amayenda ndi imodzi, moti ndingathe kuijambula pa bolodi. Mnyamata amayambira mu kwaya ya ku chalichi. Kenako amapeka nyimbo za pa cinkhoswe ndi pa ukwati, anthu n'kumati mwana uyu ali ndi mphatso. Amagulitsa matumba angapo a kacewere n'kukajambula nyimbo m'kasitudiyo ka cipinda cimodzi, kokhala ndi matiresi kukhoma. Nyimbo ija imayenda pa Bluetooth ndi pa memori kadi, imalira pa cigayo, m'mabala, m'galimoto zonyamula anthu. Dzina likangoyamba kumveka, mnyamata uja amakwera basi ya ku Tete, ena mpaka ku Beira kapena ku Maputo. Pakapita miyezi ingapo timamuona pa Facebook. Dzina lasintha, lakhala la Cingerezi. Magalasi akuda. Nyimbo yatsopano ndi kizomba ya Cipwitikizi, mawu ake omwe aja amene tidamva kale kwa oyimba a ku Luanda. Kwathu kuno anthu saimva kukoma. Ku Maputo saifuna, cifukwa kumeneko oyimba otere adadzaza kale. Pakatha zaka ziwiri, dzina lija lazima. Timakumana naye akunyamula anthu pa njinga yamoto. Nchito imeneyo si yonyozeka, koma si imene adapitira kumzinda.

Ndili ndi mnzanga amene tidakulira limodzi, dzina sindimuchula. Ali mnyamata adapeka nyimbo pa maliro a agogo ake, ndipo mpaka lero amayi a m'mudzi mwathu amaiyimba pa maliro a anthu ena, osadziwa n'komwe kuti mwini wake ndani. Caka catha adabwera kunyumba kwanga ndi kope m'manja. Adati: "Aphunzitsi, tandikonzerani Cipwitikizi ici, ndikufuna ndikajambule." Ndidawerenga. Zolakwika zidali zocepa, ndidazikonza pa mphindi zisanu. Cimene sindikadatha kukonza n'cakuti m'mizere yonse ija iye mudalibe. Mudali mtima, maluwa, nyenyezi, zinthu zimene wina aliyense angalembe. Ndidamufunsa kuti: "Acimwene, bwanji osangoiyimba m'Cinyanja?" Adayang'ana pansi, n'kunena kuti amene amamujambula kumzinda adamuuza kuti akafuna kupita patali asiye "dialecto".

Dialecto! Mawu omwe aja amene atsamunda ankachulira zilankhulo zathu, lero akutuluka m'kamwa mwa mwana wa m'dziko lomwe lino, atakhala pa kompyuta, mahedifoni ali m'khosi.

Tsono tiyeni tione zifukwa zimene oyimba athu amapereka, cimodzicimodzi.

Coyamba amati Cinyanja cilibe msika. Tiyeni titenge mapu. Munthu wocoka ku Ulónguè m'mawa, n'kudutsa pa Calómuè, amadya nsima ya masana ku Lilongwe. Kuti akafike ku Maputo pa basi amagona m'njira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti ku Malawi kuli anthu oposa 17 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amamva cilankhulo cimene inu mumalankhula ndi amayi anu. Onjezerani Chipata, Katete ndi Lusaka. Onjezerani abale athu a m'mbali mwa nyanja ku Metangula. Onjezerani Macanga, Tsangano, Chifunde, ndi onse amene adapita kukagwira nchito ku Zimbabwe ndi ku Joni. Ndiye wina aime apo n'kunena kuti palibe msika? Nanga kuno kwathu, kalembera wa 2017 adaonetsa kuti anthu amene Cipwitikizi ndi cilankhulo cawo coyamba sakwana mmodzi pa anthu asanu alionse. Ndipo mukalowa msika wa Cipwitikizi, mukapikisana ndi Angola, Brasil ndi Portugal, anthu amene adayamwa cilankhuloco ndipo ali ndi masitudiyo a ndalama zambiri. Mukusiya munda umene muli nokha n'kukalimbirana khasu m'munda wa eni. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Taonani anzathu akummwera. Mr. Bow, mwana wa ku Gaza, amayimba m'Xichangana, ndipo ana a m'kalasi mwanga amavina nyimbo zake osamva liwu ndi limodzi lomwe. Sadayambe wapempha cilolezo kwa wina aliyense. Marrabenta ya Fany Mpfumo ndi Dilon Djindji idakula m'zilankhulo zakummwera mpaka anthu akunja n'kumaiyesa nyimbo ya Moçambique yense. Ife timakonda kudandaula kuti wailesi ndi wailesi yakanema zadzaza nyimbo zakummwera. Dandauloli lili ndi coonadi cake, pakuti masitudiyo akuluakulu ndi ndalama zili ku Maputo. Koma ndifunseko: nyimbo yathu yabwino, ya Cinyanja, yojambulidwa bwino, imene tidatumiza iwo n'kuikana, ili kuti? Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Caciwiri amati dziko lakunja silingamve. Apa ndiye mbiri ikukutsutsani poyera. Gulu la Eyuphuro la ku Nampula, ndi mawu a malemu Zena Bacar, lidatulutsa cimbale ca Mama Mosambiki mu 1990 kudzera ku Real World, kampani ya Peter Gabriel ku Britain. Ankayimba m'Emakhuwa. Ghorwane, gulu limene lidayamba mu 1983 ku Maputo, lidatulutsa Majurugenta ku kampani yomweyo mu 1993, m'zilankhulo zakummwera. Massukos a ku Lichinga adayamba mu 1994, nkhondo itangotha kumene, akuyimba m'Ciyao, m'Cinyanja ndi m'Emakhuwa. Adakayimba ku Britain, ndipo mtsogoleri wawo Feliciano dos Santos adalandira mphoto ya Goldman mu 2008 cifukwa ca nchito yophunzitsa anthu za madzi ndi ukhondo, imene nyimbo zawo zidali mbali yake yaikulu. Kutsidya kwa malire, Madalitso Band ndi anthu awiri okha, wina ndi gitala ndi ng'oma yoponda ndi phazi, wina ndi babatoni wa cingwe cimodzi. Ankayimba m'misewu ya Lilongwe. Mu 2017 adakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kucokera pamenepo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya, m'Cicewa cokhacokha. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, atayimbanso Linny Hoo pamodzi ndi Patience Namadingo, nyimboyo idafalikira pa TikTok mpaka kwa anthu mamiliyoni amene sadziwa n'komwe kumene kuli Malawi.

Mwaona cimene anthu onsewa akufanana? Palibe amene adafika kutali cifukwa cofanana ndi wina. Mzungu amene amakonza cikondwerero ca nyimbo ku Ulaya safuna kizomba ya ku Angónia, cifukwa akafuna kizomba adziwa kokaitenga. Amafuna cimene sangacipeze kwina. Cimene inu muli naco, cimene wa ku Luanda alibe, ndi cimene mukucitaya pa citseko ca situdiyo.

Cacitatu amati woyimba ali ndi ufulu woyimba m'cilankhulo cimene wafuna. Apa ndikuvomera ndi mtima wonse. Ine sindidana ndi Cipwitikizi. Ndimaciphunzitsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndimafuna kuti ana anga acidziwe bwino kuposa ine. Malemu Azagaia ankayimba m'Cipwitikizi, ndipo atamwalira mu Marici 2023 tidaona tonse mmene acinyamata a dziko lino adamulirira. Iye Cipwitikizi cidali m'manja mwake ngati nkhwangwa yake yomwe, ankadziwa potema. Ngati inunso mumaganiza, kukwiya ndi kuseka m'Cipwitikizi, yimbani m'Cipwitikizi, ndidzakuomberani m'manja. Funso langa lili kwa iwe amene umafunsira mbeta m'Cinyanja, umakangana ndi mlamu wako m'Cinyanja, umalira maliro m'Cinyanja, koma ukaima pa maikolofoni umasanduka munthu wina. Umenewo ndi ufulu kapena mantha? Munthu amene wasankha yekha sabwera ndi kope kwa mphunzitsi kuti amuuze ngati mawu a cikondi cake ali olondola.

Ndipo taganizani zida zimene mukusiya. Liwu lililonse la Cinyanja limathera pa a, e, i, o kapena u, kotero woyimba angathe kulikoka mmene afunira popanda kulithyola. Cilankhulo cathu cili kale ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, mwakuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi khutu. Tili ndi mawu ojambula cinthu monga mbee, bii, zii, gwa, phwii, amene liwu limodzi limagwira nchito ya ciganizo cathunthu. Tili ndi miyambi, zining'a ndi mikuluwiko, zimene zimalola munthu kudzudzula mfumu, mfumuyo ikuvina nawo. Amayi athu pamtondo ankapeka nyimbo zoweruza mwamuna waulesi, mudzi wonse n'kumva, dzina osalichula. Acinyamata a rap amayesa kuti kubaya munthu ndi mawu pa ng'oma kudayambira ku America. Kafunseni agogo anu aakazi.

Musandimve molakwika. Sindikunena kuti mubwerere ku cisekese ndi kaligo basi, ngakhale kuti zimenezonso zikusowa wozisamala. Ng'oma ingacokere kulikonse. Black Missionaries a ku Chileka adatenga reggae ya ku Jamaica n'kuiyankhulitsa Cicewa, ndipo kuyambira masiku a malemu Evison Matafale mpaka lero zimbale zawo za Kuimba zikulirabe kuno kwathu. Slapdee ku Lusaka adatenga hip hop n'kuiyika m'Cinyanja ca m'tauni. Malemu Lucius Banda, amene adatisiya mu Juni 2024, adayimba za umphawi ndi za olamulira m'cilankhulo ca anthu wamba, ndipo imfa yake idatikhudza ngakhale ife a tsidya lino. Amapiano imene mukuikopera usiku ndi usana, eni ake ku South Africa amaiyimba m'Cizulu ndi m'Cisutu. Mwatengera kalilidwe ka ng'oma zawo, kavalidwe kawo, kavinidwe kawo. Cinthu cimodzi cokha cimene simudatengere ndi kusacita manyazi kwawo.

Pali mcitidwe wina umene umandipweteka kuposa zonse. Woyimba amayimba nyimbo yonse m'cilankhulo ca eni, koma pojambula vidiyo amakatenga zilombo za Gule Wamkulu n'kuziimika kumbuyo kwake ngati maluwa a patebulo. Akatero akuti akukweza cikhalidwe. UNESCO idazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati cuma ca Malawi, Moçambique ndi Zambia, caka comwe idazindikiranso timbila za ku Zavala. Koma Gule ali ndi eni ake, ali ndi nyimbo zake, ndipo nyimbozo zili m'cilankhulo. Kutenga maonekedwe n'kusiya lilime ndi kugulitsa cikopa, nyama n'kuitaya kuthengo.

Mcitidwe waciwiri ndi wokumbukira Cinyanja pokhapokha pakabwera ndalama za kampeni. Kukagwa kolera, woyimba uja amakumbukira mwadzidzidzi kuti amadziwa Cinyanja. Ikafika nthawi ya katemera kapena ya masankho, nyimbo za Cinyanja zimatuluka ngati bowa. Nyengo ikatha, wabwerera ku kizomba. Uthenga wa zaumoyo ndi wofunika, sindikutsutsa. Feliciano dos Santos adadwala poliyo ali mwana, ndipo pamene ankayimba za madzi abwino ndi zimbudzi ankayimba za moyo wake womwe, n'cifukwa cake anthu ankavina ndi mtima wonse. Koma ngati cilankhulo cingamveke m'nyimbo pokhapokha pouza anthu kusamba m'manja, mwana amaphunzira kuti Cinyanja n'colangizira anthu osauka, pamene cikondi, kunyada ndi kukongola zili ndi cilankhulo cina. Ine ndikufuna nyimbo ya Cinyanja ca kuno yofunsira mbeta, yodandaula mtengo wa feteleza, yoseka mkamwini wosafuna kulima, yonena za mnyamata amene adapita ku migodi ya malasha ku Moatize n'kubwerako manja ali m'thumba. Apa ndiyenera kuthokoza makwaya a m'machalichi. Pakadapanda iwo, bwenzi mwana wa kuno asadamvepo munthu wa m'mudzi mwake akupeka nyimbo yatsopano m'cilankhulo cake.

Tsopano nditembenuze cala, ciloze ife eni ake. Pa ukwati timalipira DJ ndalama zonse zimene wanena, osanenerera. Mwana wa m'mudzi akabwera ndi gitala n'kuchula mtengo wake, timati: "Iwe ndiwe wa pano, ungotithandiza." Timamupatsa nsima ndi zikomo. Nyimbo yake timaikopera pa memori kadi popanda kumupatsa ngakhale metikali imodzi, kenako tidabwe kuti wathawira kumzinda. Woyimba wa ku Lilongwe akabwera, timagulitsa nkhuku kuti tilowe. Wa kwathu akakonza phwando, timaima kunja kwa mpanda n'kumamvera ulere. Munthu sadya kuomba m'manja.

Ifenso aphunzitsi tisadziyeretse. Ambiri mwa oyimba amenewa adadutsa m'makalasi mmene mwana ankalangidwa akalankhula cilankhulo ca amayi ake. Manyazi amene ali nawo lero pa maikolofoni adawaphunzira pa benci ya sukulu. Komatu boma litayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, pa nchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, zilankhulo zimene zidasankhidwa zidali ziwiri zokha: Xichangana ku Gaza ndi Cinyanja kuno ku Tete. Tidayambira pamzere umodzi ndi anzathu a ku Gaza. Gawo 9 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti boma limalemekeza zilankhulo zathu ngati cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Lamulo lilipo, mabuku akubwera pang'onopang'ono, ana akuwerenga. Koma sukulu singakankhe yokha galimoto imeneyi. Buku limafika kwa mwana amene ali m'kalasi. Nyimbo imafika kwa amayi ake kudimba, kwa atate ake pa bawo, ndi kwa mkulu wake amene adasiya sukulu. Makolo amene amandifunsa kuti Cinyanja cidzamupindulira ciyani mwana wawo, yankho limene angalikhulupirire msanga ndi kuona mwana wa m'boma lawo lomwe akudya ndi kumanga nyumba cifukwa ca nyimbo za Cinyanja.

Ndiye pempho langa nali.

Inu oyimba, pa nyimbo zimene mujambule caka cino, ikanipo ya Cinyanja imene mwaigwirira nchito ngati mmene mumagwirira ya Cipwitikizi: situdiyo yabwino, vidiyo yabwino, mawu oganiziridwa. Musangoponyamo liwu limodzi mu kolasi ngati mcere. Ndipo yang'anani ku Lilongwe, Blantyre ndi Chipata. Funani oyimba a kumeneko oti muyimbe nawo limodzi. Malire amene ali pa Calómuè, Biri-Biri ndi Cassacatiza amaimitsa galimoto, nyimbo saimitsa. Ngati zawo zikuoloka kubwera kuno, zanu zingaolokenso kupita uko.

Inu a mawailesi a m'madera mwathu, patulani nthawi mlungu uliwonse ya oyimba a m'boma lanu, ndipo muzichula dzina la woyimba ndi mudzi wake, kuti ana adziwe kuti munthuyo ndi wa pano.

Inu eni maukwati ndi zinkhoswe, pa ndalama za DJ patulanipo za mwana wa m'mudzi, ndipo mumulipire asadayimbe.

Inu aphunzitsi anzanga, itanani woyimba wa m'dera lanu abwere m'kalasi, alembe mawu a nyimbo yake pa bolodi, ana awerenge ndi kuyimba. Phunziro la kuwerenga loposa limenelo ine sindidalionepo.

Kumbali yanga, woyimba aliyense amene akufuna kulemba mawu a nyimbo yake m'kalembedwe koyenera ka Cinyanja, kuti aike pansi pa vidiyo kapena pa cikuto ca cimbale, anditumizire uthenga. Ndikonza ulere. Mnzanga uja wa kope ndidamuuza comweci, ndipo ndikumudikirabe.

Pa 21 Febuluwale, tsiku lokumbukira cilankhulo ca amayi, ndikufuna kudzaimanso pamaso pa mtsikana uja ndi sipika m'manja. Ndithandizeni kupeza comuyankha. Ngati mukudziwa woyimba wa ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Moatize kapena ku Lago amene akuyimba m'Cinyanja, lembani dzina lake ndi dzina la nyimbo pansipa. Amene simukugwirizana nane, bwerani tikambirane, koma mubwere ndi mfundo.

Gawirani ena.